Kwa mayi a ku Namwera amene mwana wawo amamvera nyimbo za m'magemu

Mwa makalata amene ndalandira pa imelo mwezi uno, ya mayi wina wa ku Namwera ndiyo yandikhala mumtima. Mwana wawo wamwamuna ali mu Fomu 4, ndipo madzulo akakhala pansi kuti awerenge amavala mahedifoni n'kumamvera nyimbo za m'magemu, zambiri zopanda mawu, chonsecho gemu yeniyeniyo sakusewera. Mayiwo akufuna kudziwa chimene mwanayo amamvamo, ngati zimenezi zili nyimbo n'komwe, komanso ngati n'kwanzeru kumulanda foniyo mpaka mayeso a MSCE atadutsa.

Mayi, zikomo chifukwa cholemba, ndipo zikomo koposa chifukwa mwayamba mwafunsa musanalande. Funso lomweli ndinafunsidwapo ine ndili mnyamata, koma amene anandifunsawo sanadikire yankho, ndiye mundilole ndiyankhe motalikirapo.

Ine ndinakulira pa boma pano pa Mangochi, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Amalume anga, monga amuna ambiri a kuno, ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ulendo wina anabwera ndi kamakina kolumikiza pa TV pamodzi ndi makatiriji achikasu, olembedwa kuti muli magemu mazanamazana pamene enieniwo anali ochepa, ongobwerezedwa ndi mayina osiyana. TV yathu inali yosaonetsa mitundu, ndipo tinkaiyatsa ndi batire la galimoto lomwe tinkapita nalo kotchajitsa pa njinga. Moto ukayamba kuchepa m'batiremo chithunzi chinkayamba kufinyika m'mbali, koma mawu ankapitirirabe kumveka bwinobwino. Ana tinali ambiri, kuphatikizapo a nyumba zoyandikana, pamene zogwirira posewera zinali ziwiri zokha, ndipo akuluakulu sankazisiya wamba. Wamng'ono ngati ine ndinkakhala pa mphasa kumbuyo kwenikweni, kumene mitu ya anzanga inkanditchingira chithunzi chija. Choncho magemu amenewo ndinawadziwa ndi makutu ndisanawadziwe ndi zala. Ndinkatha kunena, ndili chitsinzinire, kuti wosewerayo walowa pansi pa nthaka, kapena kuti wafika m'madzi, kapena kuti nthawi yamuthera, chifukwa m'gemu ya Super Mario Bros. nthawi ikatsika kufika pa 100 nyimbo imayamba kuthamanga. Zoti chipewa cha kamunthu kodumphadumpha kaja n'chofiira ndinadzadziwa patapita zaka, koma chuni chake ndinkachiimba ndi mluzu popita kukatunga madzi.

Nditasinkhukirapo ndinalowa kwaya kutchalitchi kwathu ndipo ndinayamba kuphunzira kiyibodi. Loweruka lina ndinafika msanga pa pulakatisi, anzanga asanabwere, ndipo ndinayamba kufufuza chuni chija pa kiyibodipo, chala chimodzichimodzi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri: nyimbo imene ndinkaiyesa kaphokoso kamodzi inali ndi mawu atatu oyenda pamodzi, apamwamba otsogolera, apakati othandizira, ndi besi pansi, ndipo besiyo inali ndi njira yakeyake yokoma moti ukhoza kuiimba payokha. Ndili mkati moyesa kuphatikiza dzanja lamanzere, mkulu wa kwaya analowa. Anaima pakhomo n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe, zimenezi ndi nyimbo?" Ndisanatsegule pakamwa anawonjezera kuti chida cha Mulungu si choimbira za zidole, ndipo kwa kanthawi anandiletsa kuchigwira. Kuti ankateteza katundu wa mpingo ndimamvetsa, ndipo ndimawalemekezabe, pakuti ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga solofa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu wa khutu lakuthwa ngati iwo, amene ankatha kumva tena mmodzi akaphonya pakati pa khamu la oimba, sanafune kumvetsera ngakhale mzere umodzi asanaweruze.

Akanamvetsera akanamva ntchito ya mmisiri. Amene anapeka nyimbo imeneyo ndi Koji Kondo wa ku Japan, yemwe analembedwa ntchito ku kampani ya Nintendo mu 1984, ndipo gemuyo inatuluka mu 1985. Makina amene ankapekera nyimbozo, otchedwa Famicom, omwe kamakina ka amalume kaja kanali kongotengera, anali ndi njira zisanu zokha zotulutsira mawu: ziwiri za mawu akuthwa oimba chuni, imodzi ya mawu ofewa omwe kawirikawiri ankakhala besi, imodzi ya phokoso lotsanzira ng'oma ndi maseche, ndi ina ya timawu tojambulidwa tafupitafupi. Ndiye kuti wopeka analibe gitala, analibe malipenga, analibe woimba wa mawu okoma woti abise kufooka kwa nyimbo. Komanso kamunthu kaja kakadumpha kapena kutola ndalama, kaphokoso kake kankabwereka imodzi mwa njira zomwezo, moti nyimboyo inkayenera kukhalabe yomveka ngakhale liwu limodzi litasowa kwa kamphindi. Munthu wopeka m'malo opanikiza chonchi alibe pothawira, ndipo chuni chikakhala chofooka chimaonekera poyera. N'chifukwa chake nyimbo za nyengo imeneyo, za Kondo, za Nobuo Uematsu amene anayamba kupekera Final Fantasy mu 1987, ndi za Yoko Shimomura amene anapeka zambiri za mu Street Fighter II mu 1991, zimagwira m'mutu ndipo zimaimbika pa limba, pa gitala ngakhale pa mluzu. Mu 2023 nyumba yosungira mabuku ya Library of Congress ku America inaika nyimbo ya Kondo ija pa mndandanda wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko, ndipo inali yoyamba ya m'magemu kulowapo.

Koma kukoma kwa chuni si yankho lonse, mayi, chifukwa nyimbo za chuni chokoma zilipo zambiri pa wailesi. Chimene chimasiyanitsa nyimbo za m'magemu ndi ntchito imene zinapekedwera. Nyimbo ya pa wailesi imakhala ya mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo imafuna kuti m'mphindi zimenezo musiye zonse muimvetsere. Imayamba, imakwera, imafika pachimake, kenaka imatha. Wopekera gemu sadziwa ngati wosewera akhala pamalo amodzi kwa mphindi imodzi kapena kwa ola lathunthu. Ayenera kupeka chinthu choti chizizungulira osaonetsa pamene chalumikizana, choti munthu achimve kambirimbiri osatopa nacho, ndiponso chosalanda maganizo a munthu amene maso ndi manja ake ali pa ntchito ina. Imeneyi ndi ntchito yovuta kuposa mmene imamvekera, chifukwa nyimbo yosalanda maganizo imagwera msanga m'kusakoma, pamene yokoma kwambiri imasokoneza wosewera. Amisiri enieni amadutsa pakati pa ziwirizi, ndipo chimene amatulutsa ndi nyimbo yoyenda ndi munthu, yomupatsa liwiro, koma yomusiyira malo oti aganize.

Ife Amalawi sitiyenera kudabwa ndi zimenezi, pakuti nyimbo zotere tili nazo kuyambira kale. Nyimbo ya pamtondo inapekedwa kuti iyende ndi munsi: imazungulira, ilibe mathero oikika chifukwa imatha chimanga chikakonoleka, ndipo liwiro lake limachokera ku ntchitoyo. Komabe Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za makolo za mu Africa, atayendera dziko lino m'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo za pamtondo, ndipo mpaka lero anthu amazimvera m'zimbale, kutali ndi mtondo, kutali ndi mudzi, ena a iwo sanagwirepo munsi chibadwire. Palibe amene amati nyimbo zimenezo zasiya kukhala nyimbo chifukwa palibe akusinja. Mwana wanu akamamvera nyimbo ya m'gemu osasewera, akuchita zomwezo: wachotsa ntchito imene nyimboyo inabadwira n'kuikapo ntchito yake ya kuwerenga, ndipo nyimboyo ikugwira bwino chifukwa inapangidwa kuti iziperekeza munthu wotanganidwa.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ena andilembera mokwiya. Kuno kwathu tazolowera kuyesa nyimbo ndi uthenga basi. Tikafuna kuyamikira woimba timati nyimbo zake zili ndi uthenga, ndipo tikafuna kumunyoza timati akungosokosa. Uthenga ndimaulemekeza, ndipo ndikudziwa zimene nyimbo za mawu zachitira dziko lino pa nthawi zovuta. Koma chizolowezi chimenechi chatigonthetsa makutu pa mbali ina yonse ya luso la zoimbaimba, moti chilichonse chopanda mawu timachiyesa choyembekezera kuti woimba ayambe, kapena choika pansi pa mawu a wolengeza pa wailesi. Kumeneku n'kulakwa, ndipo n'kulakwa kumene kukuwononga zathu zomwe. Ndi ana angati lero ku Namwera kapena ku Makanjira amene angakhale pansi kumvetsera anthu awiri akuimba mangolongondo, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndodo zawo zikulowana mpaka kutulutsa chuni chachitatu chimene palibe mmodzi wa iwo akuchiimba yekha? Ndi angati amene angatsate zala za woimba bangwe popanda kufunsa kuti nanga mawu ake akuti chiyani? Mnyamata amene waphunzira yekha kukhala ola lathunthu akumvera zida zokhazokha, n'kumasiyanitsa besi ndi chuni, ali ndi khutu limene ambiri a ife tinataya. Ine ndimaona kuti khutu limenelo n'loyenera kuliteteza, ndipo sindivomera kuti munthu wamkulu alitche lachibwana asanayese kumva chimene mwanayo akumva.

Sindikunena kuti nyimbo iliyonse ya m'gemu imaima payokha. Zambiri siziima. Pali zina zimene zinapangidwa kuti zingodzaza mpata, pali za nkhondo zimene zili ng'oma ndi malipenga okhaokha popanda kopita, ndipo ukazichotsa pa chithunzi zimasanduka phokoso lotopetsa. Palinso vuto lina lozama: nyimbo zambiri za m'magemu zimasintha malinga ndi zimene wosewera akuchita. Mu Super Mario World, ya mu 1990, kamunthu kaja kakakwera kanyama kotchedwa Yoshi, ng'oma zimawonjezereka pa nyimbo yomweyo, ndipo kakatsika ng'omazo zimachoka. Mu 1991 Michael Land ndi Peter McConnell a ku kampani ya LucasArts anayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa iMUSE, yothandiza kuti nyimbo izidutsa bwinobwino kuchoka pa chigawo china kupita pa china wosewera akasintha malo, ndipo magemu a masiku ano amachita zimenezi mozama kwambiri. Ndiye kuti chimene chimatuluka pa chimbale ndi njira imodzi yokha mwa njira zambiri zimene nyimboyo ikanadutsa, yosankhidwa ndi kulumikizidwa ndi wopekayo. China chake chimatayika pamenepo, ndipo amene amati nyimbo ya m'gemu imamveka mokwanira m'gemu momwemo ali ndi mfundo. Chimene ndikukana n'chakuti chotsalacho n'chopanda pake. Gemu ya Journey, ya mu 2012, sindinaisewerepo, koma chimbale chake chimene anapeka Austin Wintory, chotsogoleredwa ndi chelo, chida chachikulu cha zingwe chooneka ngati vayolini, ndimachimvera nyengo ya mwera pamene nyanja yakalipa ndipo ntchito yanga ili ya pa tebulo, ndipo sindinamvepo kuti chikusowa chithunzi. Chinali chimbale choyamba cha m'gemu kupikisana nawo pa Grammy, mphoto yaikulu ya zoimbaimba ku America, m'gulu la nyimbo za m'mafilimu ndi zoonetsedwa zina.

Kwa amene anasewerapo gemuyo pali chinanso chowonjezera, ndipo mwina mwana wanu ali m'gulu limeneli. Filimu umaionera ngati mlendo, koma m'gemu umakhalamo. Umasochera, umalephera, umabwerera pamalo omwewo kambirimbiri, ndipo nthawi yonseyo nyimbo ya pamalopo ili m'makutu. Ikadzamveka patapita zaka imabweretsa malowo ndi nyengoyo pamodzi, anzako amene unali nawo ndi mmene mtima unkagundira. Ine ndikamva chuni cha pansi pa nthaka chija, chimene chimabwera choyamba ndi kutentha kwa mwezi wa October pansi pa malata ndi fungo la asidi wa batire lija.

Pemphero la Chiswahili limene linatulukira m'gemu

Pali nyimbo imodzi imene ndikanakonda kuti mkulu wa kwaya uja aimve. Mu 2005 kunatuluka gemu ya pa kompyuta yotchedwa Civilization IV, ndipo nyimbo yake yotsegulira, Baba Yetu, anaipeka Christopher Tin wa ku America. Mawu ake ndi Pemphero la Ambuye m'Chiswahili, chinenero chimene ena kuno kunyanja, Akhristu ndi Asilamu omwe, amachimva pang'ono kapena kwambiri. Tin anaijambulanso pa chimbale chake cha mu 2009 ndi kwaya ya Soweto Gospel Choir ya ku South Africa, ndipo mu 2011 inalandira mphoto ya Grammy, kukhala nyimbo yoyamba yopekedwera gemu kulandira mphotoyo. Lero makwaya a m'masukulu ndi m'mipingo m'mayiko ambiri amaiimba, ndipo ena mwa oimbawo sadziwa n'komwe kuti inayambira pa kompyuta ya munthu wosewera. Ngati nyimbo imeneyi ili yoyenera kuimbidwa ndi kwaya, ndiye kuti kumene nyimbo yabadwira sikungakhale muyeso wa ulemu wake.

Ndipo kumayiko kumene magemu amapangidwa nkhaniyi inatha kale. Mu August 1987 Koichi Sugiyama, amene anapeka nyimbo za Dragon Quest, anatsogolera oimba ndi zida za okesitira ku Suntory Hall mumzinda wa Tokyo, anthu atalipira kuti akhale pansi amvetsere nyimbo za m'gemu popanda wosewera. Pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku Tokyo komweko mu July 2021, ochita masewera a mayiko onse, a Malawi omwe, analowa m'bwalo motsatana ndi nyimbo za m'magemu a ku Japan. Mu 2022 zoimbaimba za BBC Proms ku Royal Albert Hall, London, zinapatula usiku wathunthu wa nyimbo zoterezi, ndipo mu 2023 a Grammy anayamba kupereka mphoto m'gulu lapadera la nyimbo za m'magemu, ndipo woyamba kupambana anali Stephanie Economou. Sinditchula zimenezi kuti mphoto za kunja ndizo zitiuze chokoma, ayi, pakuti khutu lathu ndi lokwanira. Ndikuzitchula kuti mudziwe kuti mwana wanu sali yekha, ndipo sakuchita zachilendo.

Ndisiyanitsenso chinthu chimodzi, chifukwa m'timashopu ta magemu pa msika pano anyamata amasewera kwambiri mpira pa PlayStation. Nyimbo zimene zimalira m'magemu a mpirawo posankha matimu ndi za oimba wamba, zogulidwa ndi kampani kuti ziikidwemo, zokhala ndi mawu ngati za pa wailesi. Zimenezo si zimene ndikukamba pano, ndipo pa nkhani ya kuwerenga ziyenera kuonedwa ngati nyimbo ina iliyonse ya mawu.

Za kuwerenga

Ofufuza za kaganizidwe ka munthu anaona kalekale kuti mawu olankhulidwa kapena oimbidwa amalimbana ndi mawu amene munthu akuwerenga, ndipo amachepetsa zimene akukumbukira. Pa chifukwa chimenechi nyimbo yopanda mawu imasokoneza pang'ono poyerekeza ndi ya mawu, ngakhale kuti pa phunziro lovuta, lofuna kuloweza, bata lenileni ndilo limapambana zonse. Vuto n'lakuti bata limenelo m'nyumba zathu zambiri mulibe. Pali wailesi ya oyandikana nawo, masipika a pa vidiyo sho, chigayo, ana aang'ono, alendo ocheza pakhonde. Mwana akavala mahedifoni n'kuika nyimbo yofatsa yozungulira, kawirikawiri amakhala akudzitchingira ku zonsezi, ndipo mwa njira zimene ali nazo imeneyi si yoipa.

Choncho, mayi, foniyo musalande, koma mugwirizane naye zinthu zingapo. Mumupemphe akuvekeni mahedifoniwo mumve nokha zimene amamvera, ndipo mumufunse dzina la wopeka. Mukaona kuti akuyankha mwachidwi, dziwani kuti ndi nyimbodi zimene akutsata. Powerenga asankhe zofatsa, monga chimbale cha Minecraft cha mu 2011 chimene anapeka Daniel Rosenfeld wa ku Germany, wodziwika kuti C418, kapena za Gustavo Santaolalla wa ku Argentina za mu The Last of Us, zimene zambiri ndi gitala ndi kachida ka zingwe kotchedwa ronroco. Za nkhondo ndi za polimbana ndi adani akuluakulu a m'magemu azisunge za popuma. Nyimbozo azitsitsiretu n'kuziika pa memore khadi, kenaka azithimitsa data nthawi yowerenga, chifukwa chowononga nthawi kwambiri ndi WhatsApp ndi TikTok zimene zimalowa pamene akusaka nyimbo pa YouTube, ndipo bandulo nayo isungika. Ayesenso kuwerenga mutu umodzi ali ndi nyimbo, wina popanda, kenaka adziyese ndi mafunso a m'mapepala a mayeso akale, kuti zotsatira zake zimuuze yekha; ndipo popeza m'chipinda cha mayeso simudzakhala nyimbo, mapepala akalewo aziwalemba kuli zii. Chimene muyenera kuumirira ndi kukweza kwa mawu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole mlingo wa madesibo (muyeso wa kukwera kwa mawu) 80 kwa maola 40 pa sabata pomvera ndi mahedifoni, ndipo kwa ana mlingowo ndi 75. Ngati muli pafupi naye n'kumamva nyimboyo ikutuluka m'mahedifoni, kapena mukamuitana ndi mawu wamba iye osamva, atsitse.